Massey, John Deere, New Holland kapena zotchipa zija: ndani angakupatseni sipeya mvula isanagwe?

Malume anandiimbira foni Lachiwiri lina mu Okutobala, ine ndili pansi pa ngolo pa pulazi pomwe ndimagwira ntchito cha ku Walkerville, kum'mwera kwa Joni. Mawu awo anali a munthu amene sanagone. "Mphwanga, thirakitala yaima pakati pa munda wa eni ake. Ikumalira pang'ono n'kuzima. Anthu 6 andipatsa kale ndalama ya maekala awo, ndipo kumwambaku kwayamba kuda."

Ndinawapempha kuti apatsire foni msuweni wanga amene amayendetsa. Ndinamuuza amasule kambale ka pansi pa fyuluta ya dizilo, aone muli chiyani. Munali madzi ndi matope. Inali nthawi ija mafuta ankasowa kumudzi, ndipo iwo ankathira dizilo wa m'zigubu, wogula pamsewu. Zinyalalazo zinapha kapampu kokoka dizilo ku thanki, kamene amakanika timangoti lift pump. Ndinamufunsa funso limodzi: kamangidwa ndi mabawuti angati, awiri kapena anayi? Anajambula n'kutumiza pa WhatsApp. Anayi. Pa boma pa Mchinji anapeza ka mabawuti awiri kokha. Lachitatu nthawi ya nkhomaliro ndinalowa mu shopu ina ya masipeya, ndinaonetsa chithunzicho, ndipo mnyamata wa pa kauntala sanatsegule ndi kompyuta yomwe, anangotembenuka n'kukatenga pa shelefu. Ndinagulanso mafyuluta anayi. Lachinayi katundu ananyamuka ndi transipota, Loweruka usiku anali ku Lilongwe, Lolemba Massey Ferguson 290 ya malume inali ikugaula.

Ndakhala zaka zoposa 10 ndikukonza mathirakitala, makina otchetchera udzu ndi mapampu m'mapulazi ang'onoang'ono a ku Walkerville, Eikenhof ndi De Deur, ndipo Loweruka lambiri limandithera poperekeza abale amene asonkha marandi awo kuti atumize thirakitala kumudzi. Onse amabwera ndi mafunso awiri: ili ndi mphamvu zingati, nanga akuchita bwanji mtengo? Ine ndimawabwezera lina. Tsiku limene idzaime mu Novembala, mvula yobzalira ili pakhomo, adzakupatsani chitsulo chomwe chathyokacho ndani, ndipo padzapita masiku angati? Thirakitala ya kumudzi imapanga ndalama yake yambiri m'masabata ochepa a kugaula, kenako n'kumakoka ngolo nthawi yokolola. Ikaphonya masabata amenewo, yaphonya chaka. Choncho zomwe ndikuyerekeza panozi si utoto kapena kukongola kwa mpando, koma njira yomwe sipeya imayenda kuchoka pa shelefu kukafika pamunda.

Ndiyambe ndi yofiira, poti ndi imene ndimaidziwa mpaka m'matumbo. Massey Ferguson imawonongeka ngati chitsulo china chilichonse, asakunamizeni. Chomwe imaposera zinzake ndi kuchuluka. Ya 135 inayamba kupangidwa mu 1964 n'kulekeka mu 1975, koma mpaka lero ikadalimabe. Pambuyo pake pali 165, 188, 265, 290, 375, 390, ndipo ku Pakistan kampani ya Millat ikadapangabe 240, 375 ndi 385 mwa chilolezo. Pafupifupi zonsezi zimayendera injini ya Perkins kapena mwana wa Perkins, injini yomwenso mumaipeza m'majenereta, m'mafoloko onyamulira katundu m'mafakitale, ndi m'mathirakitala ambiri a Landini. Zotsatira zake n'zakuti sipeya iliyonse ili ndi makomo atatu. Mukhoza kupita kwa dila wovomerezeka, mukhoza kupita ku mashopu odziimira paokha amene amagulitsa zopangidwa ndi makampani ena, kapena mukhoza kupita kwa ophwasula mathirakitala akufa. Khomo lina likatsekeka, lina limakhala lotsegula. Kampani ya AGCO, yomwe inagula Massey mu 1994, ili ndi nkhokwe ya masipeya ku Kempton Park, pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, ndipo madila amakokera kumeneko. Kumudzi nako kuli Farming and Engineering Services, a FES aja, ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kuwonjezera apo, pafupifupi pa tiredi senta iliyonse yaikulu pali mdala wina amene anamasulapo Perkins ali pansi pa mtengo wa mango, zida zake zili m'thumba la feteleza.

Pali chinthu china cha kuno ku South Africa chimene chimasokoneza abale ambiri. Mukatsegula boneti ya thirakitala ya m'zaka za m'ma 1980, nthawi zambiri mupeza pa injini palembedwa ADE m'malo mwa Perkins. Musathawe. ADE ndi Atlantis Diesel Engines, fakitale yomwe inali ku Atlantis kufupi ndi Cape Town, ndipo inkapanga injini za Perkins ndi za Mercedes-Benz mwa chilolezo pa nthawi imene boma la tsankho linkafuna kuti dziko lizidzipangira lokha injini. ADE 236 ndi m'bale weniweni wa Perkins 4.236, ndipo zam'kati zambiri zimalowana. Koma zikutanthauzanso kuti mukhoza kupeza thirakitala ya mtundu wina, ngakhale yabuluu ya Ford, ili ndi injini ya banja la Perkins m'mimba. Mukaitanitsa masipeya potchula dzina la pa boneti lokha, mulandira zolakwika.

Nkhani ya manambalayi ndiikhalire pang'ono, chifukwa yadyetsa anthu ndalama zambiri kuposa akuba. Perkins 4.236 ndi 4.248 mukaziika pamodzi n'kuziyang'ana kunja, mungalumbire kuti ndi injini imodzi. Koma chibowo cha pisitoni cha yoyambayo ndi mamilimita 98.4, pomwe cha inayo ndi pafupifupi 101. Kusiyana kwa mamilimita awiri ndi theka n'kokwanira kuti bokosi lonse la mapisitoni, maring'i ndi masilivi, lomwe ladutsa maboda atatu, likakhale chokongoletsera m'nyumba. Nambala ya injini imadindidwa pa chitsulo cha injini penipenipo. Pa zambiri, ikayamba ndi LD ndiye 4.236, ikayamba ndi LF ndiye 4.248. Uzani wa kumudzi apukute ndi kansalu konyowa ndi dizilo, apake choko kuti zilembo zioneke, ajambule masana. Akatumiza chithunzi chosaoneka bwino, mubwezeni akajambulenso, ngakhale akhale malume anu.

Kuipa kwa Massey kumachokera pomwe pali ubwino wake. Poti aliyense amapanga masipeya ake, zachinyengo nazo zadzaza. Pampu ya madzi imodzimodziyo mukhoza kuipeza pa mitengo itatu mu msewu umodzi, ndipo yotchipitsitsayo bering'i yake imayamba kulira isanamalize munda wachitatu. Kuno amazitcha ma pirate, koma dzinalo limaphimba zinthu zosiyana kwambiri. Sparex, Bepco ndi Vapormatic si za m'chikwama ayi, ndi makampani odziwika. Sparex ndi ya AGCO yomweyo kuyambira mu 2010, ndipo Vapormatic inagulidwa ndi John Deere. Kenako pali zobwera m'kabokosi koyera kopanda dzina, kopanda dziko. Lamulo langa ndi ili: chilichonse chofuna kutsegula injini kapena kudula thirakitala pakati, monga kilatchi, maring'i, mabering'i a kirankishafuti, gasiketi ya mutu ndi pampu ya hayidiroliki, ndimagula chenicheni kapena cha dzina lodziwika. Kusintha kilatchi kumafuna kulekanitsa injini ndi giyabokosi, kutchinjiriza mbali zonse ndi zipika, anthu atatu, tsiku lathunthu. Simungafune kubwereza ntchito imeneyo mu Disembala chifukwa munapulumutsa marandi ochepa. Koma nyale, mpando, galasi, chitsekerero cha thanki, gulani zotchipa mtima uli m'malo.

Chinanso, ma Massey akalewa ambiri ndi otopa, ndipo ogulitsa amadziwa kuti ife timakonda chofiira chowala. Ndinaperekezapo mkulu wina wa ku mpingo kwathu kukaona 188 yopakidwa utoto mpaka pa mapaipi a labala ndi pa matope omwe. Mkuluyo anali atayamba kale kuisisita. Ndinapempha kuti tiilize injini ili yozizira, ndinavula kapaipi kopumira injini, ndipo utsi unkatuluka ngati pa uvuni wa njerwa. Chikomekome cha mkuyu. Tinabwerera ndalama ili m'thumba. Ndipo dziwani kuti zomwe ndayamikirazi ndi za ma Massey osavuta aja, a pampu ya dizilo yopanda waya. Atsopano akuluakulu ali ndi makompyuta awo, ndipo nkhani yawo ikufanana ndi yomwe ikubwerayi.

John Deere, yobiriwira ya mikombero yachikasu, ndimaipatsa ulemu pa chinthu chimodzi chimene ena onse akanaphunzira: dongosolo. Mukafika pa kauntala ndi nambala ya PIN ya thirakitala, ija yodindidwa ndi fakitale yoizindikirira, amaitayipa, ndipo pa sikirini pamatuluka chithunzi cha chiwalo chonse chitamwazidwa, bawuti iliyonse ndi nambala yake. Buku la masipeyali lili pa intaneti, aliyense akhoza kulitsegula pa foni osalipira, kotero mukhoza kufika mutalemba kale nambala yomwe mukufuna. Likulu lawo la chigawo chino lili ku Boksburg, nkhokwe yaikulu ili cha ku Kempton Park, ndipo madila awo akuluakulu ngati AFGRI ndi Senwes ali ndi nthambi zambiri m'madera a alimi. Pa ntchito yanga, chimene palibe pa shelefu lero kawirikawiri ndimachilandira mawa kapena mkuja, poti nkhokwe ili pakhomo. Thirakitala ikafera m'munda amatumiza makanika pa bakkie, galimoto ya pikapu, zida ndi laputopu zili momwemo. Bwana wa pulazi amene ali ndi akaunti amangosayina.

Koma zonsezi zili ndi mtengo wake. Mumalipira sipeya, mumalipira ola lililonse la makanika, mumalipiranso kilomita iliyonse yomwe bakkie yayenda, kupita ndi kubwerera. Ndipo makomo am'mbali aja amachepa thirakitala ikakhala yatsopano. Zikuluzikulu zamakono zikadwala zimaonetsa nambala pa dashibodi, nthawi zina n'kudzichepetsa mphamvu zokha, ndipo kuti mulowe bwinobwino mu ubongo wake pamafunika pulogalamu ya kampani yotchedwa Service ADVISOR. Nkhani imeneyi yavuta ngakhale ku America komwe: mu Januwale 2023 kampaniyi inasayinirana mgwirizano ndi bungwe la alimi la American Farm Bureau Federation pa za ufulu wodzikonzera makina, ndipo mu Januwale 2025 bungwe la boma la FTC linaisumira pa nkhani yomweyo. Ngati mlimi wa ku America akudandaula za laputopu, nanga msuweni wanga ku Mchinji? Pokhapo ndisiyanitse: zing'onozing'ono za mtundu wa 5E, monga 5055E ndi 5075E, zimapangidwa ku Pune m'dziko la India, nambala yake imayamba ndi 1PY, injini yake ndi ya masilinda atatu ya malita 2.9, ndipo zomwe ndazigwirapo n'zosavuta, makanika wa manja okha amazitha. Kwa munthu amene adzaigwiritse ntchito kuno ku Gauteng, kapena amene ali ndi kontirakiti yokhazikika kumudzi monga yokoka nzimbe ku Dwangwa kapena ku Nchalo, komwe ndalama imalowa mwezi ndi mwezi, ndi thirakitala yabwino zedi. Kwa wolima maganyu a ekala imodzi imodzi, amene ena amamulipira ndi matumba a chimanga pokolola, bilu yake imalemera.

New Holland ili pakati, ndipo vuto lake lalikulu ndi mtundu. Mukati "ndili ndi yabuluu" simunanene kanthu. Ford inagula New Holland mu 1986, Fiat inagula gawo lalikulu la zonsezo mu 1991, ndipo lero zili pansi pa kampani ya CNH. Choncho yabuluu ikhoza kukhala Ford yeniyeni ya ku Basildon ku England monga 5000, 6600 kapena 6610. Ikhoza kukhala ya magazi a Fiat monga 80-66. Ikhozanso kukhala TT75 yopangidwa ku Greater Noida ku India. Atatuwa ndi apachibale pa ukwati chabe, masipeya awo sabwerekana. Ma Ford akale ali ngati Massey pa nkhani ya mashopu odziimira paokha: zambiri zimapezeka, ndipo amakanika amene anakulira m'maesiteti a fodya amawadziwa. Chenjezo langa pa iwo ndi limodzi. Injini zambiri za Ford zilibe masilivi ochotseka, pisitoni imayenda m'chitsulo cha injini chenichenicho, ndipo ikakhala zaka ikumwa madzi a pachitsime opanda mankhwala oteteza dzimbiri, khoma limadyeka mpaka kuboola kabowo ngati ka singano. Madzi amalowa mu oyilo. Solola chitsulo choyezera oyilo musanagule; mukaona wayera ngati tiyi wamkaka, ikani ndalama m'thumba. Kukonza kwake kumafuna malo a makina oboolera n'kuikamo silivi, zomwe kuno n'zapafupi koma kumudzi ndi ulendo wa ku tauni. Za magazi a Fiat ndi ma TT ndi zolimba ndipo sizimwa dizilo kwambiri, masipeya kuno amapezeka bwino, kungoti kumudzi mashelefu ake ndi ochepa poyerekeza ndi a Perkins.

Kubota ndiidutse msanga. M'mapulazi ang'onoang'ono kuno ndi yabwino kwabasi, siivutavuta, ndipo a Smith Power Equipment amene amaibweretsa ali konkuno. Koma masipeya ake ndi odula, njira zam'mbali n'zochepa, ndipo sindinatumizepo ndi imodzi yomwe kumudzi.

Tsopano zotchipa zija, zimene zimakopa kwambiri chifukwa pa mtengo wa Massey ya zaka 35 amakupatsani yatsopano, ya mawilo onse anayi okoka, mapulasitiki adakali pa mpando. Pano ndikufuna ndinene mwachilungamo, chifukwa anthu amangoti "za ku China" kapena "za ku India" ngati ndi chinthu chimodzi. Mahindra imagulitsa mathirakitala ambiri kuposa kampani ina iliyonse pa dziko. TAFE ya ku Chennai yakhala ikupanga ma Massey kwa zaka zambirimbiri, ndipo zina mwa zake n'zapachibale ndi 35 ndi 135 zakale. Sonalika, yomwe kunja imadziwikanso kuti Solis, ndi kampani yaikulu. YTO ya ku Luoyang inayamba m'zaka za m'ma 1950. Awa si ana. Funso si dziko lomwe thirakitala yachokera, koma munthu amene waibweretsa: kodi adzakhalapo zaka zisanu zikubwerazi, ndipo kuseri kwa shopu yake kuli mashelefu kapena kuli khoma?

Alamu anga anaphunzira izi ndi ndalama ya zaka zinayi za ntchito ya ulonda. Anagula yatsopano pa yadi ina kum'mawa kwa Joni, dzina la pa boneti lomwe sindinalimvepo, ndipo ine ndinali ku ntchito tsikulo. Inalima bwino chaka choyamba ku Dowa. Chaka chachiwiri giya la mu ekisilo yakutsogolo linatha mano. Ndinapita pa yadipo ndi chitsulocho m'manja. Ananditenga bwino, anandipatsa mpando, anati masabata 6 chifukwa chikubwera pa sitima ya pamadzi. Atatha masabatawo anati kontena yachedwa ku Durban. Ulendo wachitatu anabweretsa giya looneka lofanana, koma nditawerenga mano linali ndi limodzi lowonjezera. Ulendo wachisanu ndinapeza pa yadipo akugulitsa majenereta ndi masola, mathirakitala anasiya, ndipo mtsikana wa pa kauntala anandiuza mwaulemu kuti amene ankadziwa za zimenezo anachoka. Ndinazungulira kwa ophwasula, palibe amene anaionapo. Thirakitala ija ili pansi pa mtengo kwa apongozi mpaka lero, matayala adakali ndi mano atsopano, nkhuku zikuikira pansi pake. Zimandiwawa ndikaiganiza, chifukwa ndikudziwa usiku ungati wa chisanu cha Juni alamu anaima pa geti kuti aigule.

Chichokereni apo ndili ndi mayeso amene ndimachita kwa wogulitsa aliyense, wamkulu kapena wamng'ono. Tisanakambe za mtengo ndimati, bwana, tandiikireni pa kauntala pano zinthu zisanu za thirakitala imeneyi: fyuluta ya oyilo, pampu ya madzi, mbale ya kilatchi, gasiketi ya mutu ndi sitata. Sindigula lero, ndingofuna ndizione ndi mitengo yake. Dila weniweni amalowa kuseri n'kutuluka nazo, kapena amakuonetsani pa kompyuta nthambi yomwe zili. Wongodutsa amayamba nthano: tikhoza kuitanitsa, sizivuta, mathirakitala athu sawonongeka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Funsaninso kuti injini yake ndi ya kampani iti, ndipo fyuluta yake ili ndi nambala yofanana nayo ya GUD, Fleetguard kapena Donaldson. Ngati ngakhale fyuluta imapezeka kwa iye yekha, mwamangidwa.

Za mapulawo, mahara ndi ngolo n'zopepukirako, chifukwa zambiri zomwe zimafa ndi mabering'i ndi masilo, ndipo zimenezi zilibe mtundu. Bering'i ili ndi nambala yake ya dziko lonse yodindidwa m'mbali. Mukaitenga kupita nayo ku BMG ku Droste Park kapena shopu ina iliyonse ya mabering'i, mumaipeza motchipa kuposa kwa dila wa thirakitala. Mbale za pulawo n'zimene zimapusitsa: kukula kukhoza kufanana koma mabowo a mabawuti n'kusiyana, ndiye wa kumudzi aike mbale yakale pa katoni, alembe mabowowo ndi pensulo, atumize katoniyo. Onaninso mapini. Thirakitala yaing'ono ngati 135 mikono yake yam'munsi imalandira pini ya mamilimita 22, zazikulupo zimalandira ya 28. Pulawo ya mapini aakulu siilowa pa mikono yaing'ono, ndipo ndaonapo anthu akuwotcherera zinthu zosayenera kuwotcherera pofuna kukakamiza.

Pa kalandiridwe ka anthu, zomwe ndaona n'zakuti kusiyana kwakukulu sikuli pakati pa ofiira, obiriwira ndi abuluu, koma pakati pa mitundu ya masitolo. Kwa dila wamkulu aliyense mumapeza ukatswiri ndi lisiti yoyenera, koma kumbukirani kuti alimi a chimanga a ku Free State, Mpumalanga ndi North West amabzala miyezi yomweyo imene ife timabzala, kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Nthawi imeneyo mlimi wa mathirakitala 20 ndi akaunti ya zaka zambiri akaimba foni, inu wa fyuluta ziwiri za kashi mudikira, ndipo n'zomveka. Ku mashopu odziimira paokha amakhala ndi nthawi nanu, amalola kuti muike chitsulo chakuda ndi girisi pa kauntala n'kumayerekeza, ena amakudziwani dzina pa ulendo wachitatu. Kwa ophwasula n'kumene mumapeza zomwe fakitale inasiya kupanga, monga chikombole cha giyabokosi kapena ekisilo yathunthu, koma kumeneko maso anu ndiwo waranti. Kulikonseko, wofika ndi nambala ndi chithunzi amathandizidwa msanga kuposa wofika ndi nkhani yoti "kachitsulo kena kozungulira ka pafupi ndi fani". Safunsa anadya phula, komanso wofunsa wopanda nambala amabwerera chimanjamanja.

Malamulo a kuno amatitetezako ndithu, ngakhale ndife obwera. Consumer Protection Act ya 2008 imati katundu wogula kwa wamalonda akapezeka ndi vuto m'miyezi 6, muli ndi ufulu woti akonze, asinthe kapena abweze ndalama, ndipo sipeya yoikidwa pokonza ili ndi chitetezo cha miyezi itatu. Koma chitetezo cha miyezi 6 chija sichikhudza zogula pa okushoni, ndipo mukagula kwa munthu wamba amene malonda ake si amenewo, pepala limalembedwa voetstoots, kutanthauza kuti mwaitenga mmene ilili. Komanso ufulu wobweza katundu uli ndi phindu lanji katunduyo ali ku Kasungu? Pa thirakitala yatsopano funsani, ndipo akulembereni, ngati waranti ikugwirabe ikawoloka Beitbridge, ndi amene ayenera kuichita sevisi kuti isafe. Kawirikawiri yankho la funso limeneli ndi limene limaonetsa kuti kugula kwa dila wa kumudzi, ngakhale kuli kodulirapo, kuli ndi nzeru yake.

Nanga bwanji osangogula masipeya onse kumudzi? Zikapezeka, gulani konko, makamaka zolemera ngati batire ndi oyilo. Koma kusowa kwa ndalama zakunja kwachepetsa katundu m'mashelefu, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zochokera kunja inalumpha. N'chifukwa chake ambirife tasanduka nkhokwe za abale athu. Njira ndi yomwe ija: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kenako Zobue kulowera ku Mwanza, kapena Calomue kulowera ku Dedza, masiku awiri maboda akakhala bwino. Tumizani ndi lisiti yeniyeni ya shopu kuti a MRA akafunsa pakhale choonetsa, jambulani katundu asanatsekedwe, ndipo gasiketi muimange pakati pa matabwa awiri opyapyala chifukwa ikapindika yatha. Musaiwale kuti chapakati pa Disembala makampani ambiri kuno amatseka kapena kutsala ndi anthu ochepa mpaka Januwale, nthawi yomwenso mabasi amadzaza ndi katundu wa Khirisimasi. Miyezi yabwino yogula ndi Meyi mpaka Ogasiti. Mu Meyi momwemo kumakhala chionetsero cha zaulimi cha NAMPO ku Bothaville ku Free State, komwe ogulitsa pafupifupi onse amakhala pa bwalo limodzi. Amene akuganiza zogula yatsopano apemphe tsiku ku ntchito, akafunse za zinthu zisanu zija hema ndi hema.

Ndiye m'bale akandifunsa kuti nditumize iti kumudzi, ndipo ndalama yake ndi ya thukuta la kuno, ndimamuuza Massey yosavuta ya injini ya Perkins, yoyesedwa bwino injini ili yozizira, ndipo asunge gawo la ndalamayo la matayala ndi kilatchi m'malo mothera yonse pogula. Ikasowa yabwino, Ford kapena New Holland ya magazi a Fiat, bola adziwe mtundu wake weniweni. John Deere ndimaitchula kwa amene ali ndi ntchito yokhazikika ndi dila wapafupi. Za ku India ndi ku China za maina odziwika sindiziletsa ngati wogulitsa wapambana mayeso a pa kauntala ndipo kumudzi kuli wina woziimira. Ya dzina losadziwika, ngakhale atachotsera theka la mtengo, ine sindiperekeza.

Malume anagula mgolo ndi fanulo ya sefa, ndipo dizilo amamugoneka usiku wonse asanathire kuti madzi akhale pansi. Bokosi lawo la chaka chino linanyamuka mu Ogasiti: mafyuluta a dizilo 6, a oyilo awiri, lamba wa fani, mapaipi awiri a lediyeta, mabering'i a pulawo ndi lift pump ina ya mabawuti anayi yongosunga. Sabata yatha anaimbanso kuti kilatchi yayamba kuterereka ikamakoka ngolo ya njerwa pa chitunda. Ndamuuza msuweni kuti akangomaliza maoda a njerwawo aidule pakati, ayeze mbaleyo ndi tepi, awerenge mano a pakati pake kawiri, ajambule mbali zonse ziwiri. Chithunzi chikafika ndipita ku shopu Loweruka.